Nyumba ya lendi yogula ndi ngongole: izidzilipiradi yokha?

MayiWaAwiri:
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi nkhani yofuna maganizo a anthu amene anaidutsamo. Ine ndi bambo akunyumba takhala tikusunga ndalama kwa nthawi yaitali, ndipo pano pali nyumba ina imene mwiniwake akugulitsa. Muli kale anthu ochita lendi. Ndalama zathu zikukwana theka la mtengo, theka linalo abanki akuti atha kutibwereka pa chiwongoladzanja cha 15 peresenti, kubweza kwa zaka 15, chikole chake nyumba yomweyo. Ndalama zenizeni sinditchula pagulu, koma kuti muthe kuwerengera tingoti nyumbayo ndi 1,200 ndipo lendi ndi 10 pamwezi. Abanki akuti tizibweza 8.4 pamwezi. Bambo akuti basi, nyumba izidzilipira yokha, ifenso tizitsala ndi kangachepe. Ine mtima sukukhazikika. Kodi pali chimene sitikuchiona?

MwiniMdadada:
Gulani mayi, musachedwe. Malo sawola, ndipo anthu ofuna pogona sadzatha. Ndalama yosunga kubanki imatha mphamvu mukuyang'ana, pomwe nyumba ili chiimire. Ine ana onse ndaphunzitsa ndi lendi.

AkauntantiWopuma:
Mayi, mwachita bwino kufunsa musanasaine. Bambo akunyumba aika manambala awiri okha pambalipambali, 10 wolowa ndi 8.4 wotuluka. Otuluka alipo ena amene sanawaitane pa nkhaniyi.

Lendi ya 10 pamwezi ndi 120 pachaka, ndiye kuti 10 peresenti ya mtengo wa nyumba. Nambala imeneyi ndi imene ogulitsa amakonda kutchula, koma siifika m'thumba mwanu yonse. Nyumba sikhala ndi munthu miyezi yonse chaka chilichonse. Wina akatuluka pamapita nthawi mukupenta, mukufunafuna wina, kapena alipo koma wadumphitsa mwezi. Chotsani mwezi umodzi, 10. Zokonzakonza, anthu ambiri amaika padera pafupifupi 1 peresenti ya mtengo wa nyumba chaka chilichonse, ndiye 12, ndipo ngati nyumbayo ndi yakale zimaposa. Mukafuna ejenti woti azikutolerani lendi, tiyerekeze kuti azitenga gawo limodzi mwa magawo khumi, 11. Inshulansi ndi msonkho wa kukhonsolo tingoti 7. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikemo enieni akwanuko. Patsala 80 pachaka, ndipo msonkho wa boma pa ndalama ya lendi sitinaukhudze.

Tsono ngongole. 8.4 pamwezi ndi pafupifupi 101 pachaka. Nyumba ikubweretsa 80, banki ikufuna 101. Ndiye kuti chaka chilichonse muzitapa 21 m'malipiro anu kukathira kunyumbako. Komanso pogula pali loya, msonkho wosinthira umwini, woyeza mtengo wa nyumba amene banki idzafune, zonsezi zitha kufika 60. Ndalama imeneyo mwaisunga pati, popeza 600 yanu yonse ikupita kwa wogulitsa?

MayiWaAwiri:
Za loya ndi msonkho wosinthira umwini sitinaziganizire n'komwe bambo. Koma ejenti sitimufuna, tizitolera tokha.

AkauntantiWopuma:
Chabwino, bwezeranipo 11 uja, zikhala 91. Mudakali pansi pa 101. Ndipo kutolera nokha ndi ntchito: mafoni a usiku paipi ikaphulika, maulendo okakumbutsa lendi, kuyang'anira amisiri. Simulipira munthu, koma mukulipira ndi nthawi yanu.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi. Nyumba yanu ikubala pakati pa 6 ndi 7 peresenti ya ndalama zonse zolowetsedwamo, pomwe ndalama yobwereka ikukudyerani 15 peresenti. Ndalama iliyonse imene mwabwereka ikutenga zambiri kuposa zimene ikubweretsa. Chiwongoladzanja chikanakhala 5 peresenti, nkhani ikanatembenuka: pa 600 mukanalipira 30 chaka choyamba, nyumba n'kukupatsani 80, ngongole n'kukhala yokuthandizani. Ngongole imathandiza pokhapokha chiwongoladzanja chili pansi pa phindu lenileni la nyumbayo.

MwiniMdadada:
Akuluakulu, masamu anu ndawamva, koma mwaiwala ziwiri. Choyamba, lendi siikhala 10 kwa zaka 15. Imakwera. Chachiwiri, mu 8.4 uja si zonse zikupita kwa abanki ngati phindu lawo, gawo lina likuchepetsa ngongole, ndiye ndi ndalama ya mayiwa yomwe akudzisungira m'makoma. Zaka 15 zikatha nyumba ndi yawo, ngongole palibe, mtengo wake wakwera. Amene anasunga ndalama kubanki adzakhala ndi chiyani?

AkauntantiWopuma:
Sindinaiwale achimwene, ndipo mfundo zanu ndi zoona. Koma tione kukula kwake. Mwezi woyamba, pa 8.4 uja, 7.5 ndi chiwongoladzanja, 0.9 yokha ndi imene ikudula ngongole. Umu ndi mmene ngongole za nyumba zimayendera: zaka zoyamba mumalipira kwambiri chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni imayamba kutsika msanga chakumapeto. Pomaliza zaka 15, pa 600 imene anabwereka adzakhala atabweza kupitirira 1,500.

Za kukwera kwa lendi, inde imakwera, koma imatsatira malipiro a anthu ochita lendiwo. Simungakweze kuposa zimene anthu a dera limenelo angakwanitse, mukatero amasamuka kapena amayamba kudumphitsa miyezi. Pomwe simenti, malata, penti ndi mapaipi zimatsatira kukwera kwa mitengo nthawi yomweyo. Zinthu zikamakwera mofulumira, zotuluka za mwini nyumba zimathamanga kuposa zolowa.

Pomwe ndikugwirizana nanu kwathunthu ndi pa ndalama yongogona. Pali kawerengedwe kosavuta: gawani 72 ndi peresenti ya kukwera kwa mitengo pachaka, mupeza zaka zimene ndalama yanu itaye theka la mphamvu. Mitengo ikamakwera ndi 12 peresenti, ndi zaka 6 zokha. Ndiye sindikunena kuti mayiwa akhalire ndalama. Ndikunena kuti nyumba iyi, pa mtengo uwu, ndi ngongole iyi, siidzilipira yokha.

MnyamataWaMasheya:
Ndiloleni ndilowepo ngakhale ndine wamng'ono. A MwiniMdadada, mawu akuti mtengo wa nyumba umangokwera anapweteka anthu ambiri padziko. Ku America mitengo ya nyumba inafika pamwamba mu 2006, mabanki akubwereketsa ngakhale kwa anthu amene zinali zoonekeratu kuti sadzatha kubweza, poganiza kuti zikavuta nyumbayo idzagulitsidwa pa mtengo wokwera. Mitengo inatsika kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi, mabanja mamiliyoni analandidwa nyumba, ndipo banki ya Lehman Brothers inagwa pa 15 September 2008. Ku Ireland ndi ku Spain kunatsala midzi yathunthu ya nyumba zatsopano zopanda wolowamo. Ku Japan mitengo ya malo inayamba kutsika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndipo inapitirira kutsika kwa zaka zoposa khumi.

Ngongole imakulitsa zonse, phindu ndi kutaya komwe. Mukaika 20 yanu n'kubwereka 80, nyumba ikatsika mtengo ndi 20 peresenti, yanu yonse yapita, ngongole ikadalipo yathunthu. Mayiwa ali bwinoko chifukwa akuika theka, koma aziwerengera kuti kutsika kumachitika.

MwiniMdadada:
Zimenezo ndi za maiko olemera achimwene. Kumene anthu akuchulukana, mizinda ikukula, nyumba zikuperewera, mtengo utsika bwanji?

MnyamataWaMasheya:
Chimene chimapatsa nyumba mtengo si kuchuluka kwa anthu kokha bambo, koma anthu amene ali ndi ntchito pafupi ndi nyumbayo. Detroit, ku America, unali mzinda wa mafakitale a magalimoto, mu 1950 unali ndi anthu pafupifupi 1.8 miliyoni. Ntchito zitachoka, pofika 2020 anatsala osakwana 700,000, nyumba zambiri zinangosiyidwa mpaka kugwetsedwa. Zotere zimachitikanso pang'onopang'ono paliponse: fakitale imodzi ikatsekedwa, koleji ikasamuka, msewu waukulu ukadutsa kwina, lendi ya dera lonse imagwa. Ndiye funso kwa mayiwa ndi lakuti, anthu ochita lendi m'dera limenelo amapeza kuti ndalama? Ngati onse amadalira kampani imodzi, muganize kawiri.

Komanso nthawi zina mtengo umaoneka ngati wakwera pomwe watsika. Nyumba ikakwera ndi 10 peresenti m'chaka chimene zinthu zonse zakwera ndi 20, mwini wake wasauka ngakhale nambala yakula.

AzakhaliAMalamulo:
Masamu ndasiyira eni ake. Ine ndagwira ntchito nthawi yaitali muofesi ya maloya, ndipo anthu amene ndawaona akulira sanalire chifukwa cha maperesenti. Analira chifukwa cha mapepala.

Achemwali, musanapereke ngakhale dipoziti, onani chikalata cha umwini ndi maso anu, chenicheni osati fotokope. Kenako loya wanu, wanu osati wa wogulitsa, akafufuze kuofesi yolembetsa malo ngati dzina lili m'kaundula ndi la munthu amene akukugulitsaniyo. Kafukufuku yemweyo amaonetsa ngati nyumbayo inaperekedwa kale chikole kubanki ina, kapena ngati pali wina analetsa kuti isagulitsidwe. Maiko ambiri amatsata dongosolo limene linayambira ku South Australia mu 1858, lotchedwa la Torrens, loti mwini malo ndi amene walembedwa m'kaundula wa boma. Kumene kuli dongosolo lotere, kalata yolemba pamanja yokhala ndi mboni ziwiri siingapose zimene zili m'kaundula. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, n'chifukwa chake loya wakwanuko ndi wofunika.

Ngati malowo ndi a liizi, onani kuti yatsala zaka zingati ndipo ndalama za pachaka za malowo zinalipidwa. Ngati nyumbayo ndi ya chuma cha masiye, apa ndiye chenjerani kwambiri. Mwana mmodzi amagulitsa, patapita chaka abale ake atulukira kuti sanafunsidwe, nkhani n'kukathera kukhoti zaka zambirimbiri inu mukubweza ngongole ya nyumba imene simungathe kuigulitsa. Funsani pepala la kukhoti lopatsa munthuyo mphamvu yoyendetsa chumacho. Ngati wogulitsa ali pabanja, mnzakeyo asainenso. Pitani ndi woyeza malo akakuonetseni malire, chifukwa mpanda suima nthawi zonse pamene pali malire enieni. Ndipo funsani mapulani ovomerezeka ndi khonsolo. Nyumba yomangidwa popanda chilolezo, kapena pamalo osungidwira msewu, itha kugwetsedwa inu osalandira kanthu.

Wogulitsa akamakufulumizitsani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musathamange naye. Munthu amene mapepala ake ali bwino sachita mantha ndi kafukufuku.

MayiWaAwiri:
Zikomo azakhali. Mawu oti pali wina akufunanso atiuzadi, kudzera kwa dobadoba amene anatipezera nyumbayo. Koma poti banki ikhala m'kati, siifufuza yokha zonsezi?

AzakhaliAMalamulo:
Ifufuza, koma ikudzitetezera yokha. Banki ikufuna kudziwa ngati ingathe kugulitsa nyumbayo n'kupeza 600 yake mukalephera kubweza. 600 yanu ilibe nayo ntchito. Dobadoba naye amalandira zake pokhapokha malonda atheka, ndiye musamutenge ngati mlangizi wanu ngakhale akhale waulemu chotani.

Nkhani ya anthu amene ali kale m'nyumbamo musaidumphe. Pemphani mgwirizano wawo wa lendi ndi malisiti kapena umboni wa kubanki wosonyeza kuti 10 uja amalowadi mwezi ndi mwezi. Funsani dipoziti yawo ili kuti, chifukwa tsiku lotuluka adzaifuna kwa inu. Funsaninso mabilu a madzi ndi magetsi ngati alibe ngongole.

MmisiriWakale:
Ine ndi wa trawo ndi levulo, ndinene zanga. Nyumba yogulitsa imapentedwa, ndipo penti imabisa zambiri. Mayi, mukapite ndi mmisiri amene si mnzake wa wogulitsa, akwere m'siling'i ndi tochi. Aone matabwa a denga ngati chiswe sichinadye, aone madontho a mvula pa siling'i bodi. M'munsi mwa makoma mukapeza penti yotupa kapena yofundukafunduka, ndi chinyezi chochokera pansi, ndipo chimenecho sichitha ndi kupenta. Ming'alu yaing'ono ya pulasitala si nkhani. Woopsa ndi mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotambasuka kumwamba, makamaka pafupi ndi ngodya, kapena zitseko zimene zasiya kutsekeka. Pamenepo maziko akuyenda, ndipo kukonza kwake kumadya ndalama yoti mukanamangira chipinda china.

Tsegulani mipopi yonse nthawi imodzi muone mphamvu ya madzi. Funsani sepitiki thanki anaipopa liti. Mawaya a magetsi akale awaone wodziwa. Ngati n'kotheka kaoneni nyumbayo mvula itagwa kumene, muone kumene madzi a pabwalo amalowera. Oyandikana nawo amadziwa zambiri kuposa wogulitsa, muwapatse moni mufunse.

1 peresenti ya a Akauntanti ija ndi ya chaka chabwinobwino. Denga silifuna ndalama chaka chilichonse, koma tsiku limene lifune lidzafuna zonse pakamodzi. Ndiye ndalama ya zokonza izikhala pa akaunti yakeyake, osaikhudza ngakhale chaka chitadutsa osakonza kanthu.

MwiniMdadada:
Apa ndiye ndikugwirizana ndi amisiri. Ndipo mayi, ngati ngongole ikukuopsani, pali njira imene ine ndinayenda. Gulani puloti ndi ndalama yanu, mumange nyumba zing'onozing'ono zingapo m'malo mwa chinyumba chimodzi. Nyumba imodzi munthu akatuluka, lendi yonse yaima. Zitseko zinayi mmodzi akatuluka, atatu akulipirabe. Komanso anthu okwanitsa nyumba yaing'ono ndi ambiri kuposa okwanitsa yaikulu, ndiye siikhalitsa yopanda munthu. Mumalize ziwiri, mulowetse anthu, lendi yawo imange zinazo.

MmisiriWakale:
Njira imeneyo ndi yabwino kwa munthu amene amamaliza. Ndaona makoma ambiri ataima pa windo levulo zaka, udzu utamera m'kati, chifukwa mwini wake anayamba maziko a zitseko zisanu ndi chimodzi ali ndi ndalama ya ziwiri. Nyumba yosafolera siibweretsa kanthu, ndipo njerwa zimaonongeka ndi mvula. Anthu amaganiza kuti khoma likafika pa lintala ntchito yatha, pomwe denga, mawindo, zitseko, pansi, mapaipi, magetsi ndi kulumikiza madzi ndi zimene zimadya kwambiri. Muwerengere mpaka pa kiyi wa pachitseko, muonjezepo ina ya zadzidzidzi, kenako muyambe zokhazo zimene ndalamayo ingamalize. Mita ya madzi ndi ya magetsi, khomo lililonse yakeyake. Mikangano yambiri ya pamdadada imayambira pa bilu yogawana.

MnyamataWaMasheya:
Ndionjezepo za kugula nyumba imene sinamangidwe, poti makampani ena amatsatsa zotere pa mtengo wotsikirako. Ku China kampani ya Evergrande inkagulitsa nyumba zambiri zisanathe, ili ndi ngongole zoposa madola 300 biliyoni. Inalephera kubweza ngongole kumapeto kwa 2021, ndipo mu January 2024 khoti la ku Hong Kong linalamula kuti ithetsedwe. Mu 2022 anthu m'mizinda yambiri ya dzikolo anaopseza kusiya kubweza ngongole za nyumba zimene sanalowemo chifukwa ntchito inaima. Ngati kampani yaikulu choncho inasiya anthu padzuwa, wamng'ono muzimulipira molingana ndi pamene ntchito yafika.

WochitaLendi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nonse mukulankhula ngati eni nyumba, ndiye ndilankhuleko ine amene ndimalipira 10 mukumuwerengerayo.

Mwezi wopanda munthu umene a Akauntanti achotsa uja, nthawi zambiri mwini nyumba amaupanga yekha. Munthu sakonda kusamuka. Kusamuka n'kodula, katundu amasweka, ana amasintha sukulu. Timachoka chifukwa mpopi wakhala ukudontha miyezi landilodi akungoti ndibwera, chifukwa lendi yakwezedwa ndi uthenga wa pafoni kutatsala sabata, chifukwa mwini nyumba amalowa pakhomo osagogoda ngati tilibe ulemu wathu. Ndipo tikamachoka timauzana. Nyumba ya munthu wosabweza dipoziti imadziwika dera lonse.

Mayi, mukadzapeza munthu wolipira pa nthawi yake ndi wosamala nyumba, musadzamuthamangitse chifukwa cha kakwezedwe kakang'ono. Mukakweza ndi 1 pamwezi mwapeza 12 pachaka. Akachoka, nyumba n'kukhala miyezi iwiri, mwataya 20, kuonjezapo penti, ndipo wobwerayo simukumudziwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi landilodi wa ngongole yothina. Ameneyo sakonza kanthu chifukwa ndalama yonse ikupita kubanki, ndipo ukachedwa masiku awiri amakhala ali pakhomo, osati chifukwa ndi woipa koma chifukwa nayenso akuthamangitsidwa.

MwiniMdadada:
Mwanena zoona achimwene, koma nanunso muvomereze kuti alipo ochita lendi ovuta. Wina amalipira miyezi itatu yoyamba bwinobwino, kenako nkhani zimayamba, maliro, malipiro achedwa, mpaka chaka. Potuluka wakusiyira zitseko zothyoka ndi bilu ya madzi. Walira mvula walira matope, ndiye amene akufuna lendi akonzekere zimenezinso. Ine masiku ano ndisanapereke kiyi ndimafunsa kumene munthu amagwira ntchito, ndimalankhula ndi landilodi wake wakale, timayendera nyumba limodzi n'kujambula zithunzi chipinda chilichonse, tonse n'kusaina. Ndipo wachibale sindimuika m'nyumba ya lendi. Ndi bwino kumuthandiza ndi ndalama akachite lendi kwina, chifukwa tsiku lomukumbutsa lendi mudzaoneka woipa pamaso pa mtundu wonse.

WochitaLendi:
Ovuta alipo, sindikana. Zithunzi ndi kusainirana zimatiteteza tonse, ine ndimazifuna kumene.

AzakhaliAMalamulo:
Pa wosalipira ndichenjeze eni nyumba. Kuchotsa chitseko, kusintha loko, kudula madzi kapena kutulutsa katundu wa munthu panja, m'maiko ambiri ndi kulakwira lamulo ngakhale munthuyo ali ndi ngongole yanu, ndipo mutha kupezeka mukumulipira ndinu. Njira yake ndi kalata ya chenjezo, notisi monga mwa mgwirizano, kenako khoti. Zimatenga nthawi, ndipo nthawi yonseyo banki siidikira. N'chifukwa chake munthu wogula ndi ngongole ayenera kukhala ndi ndalama yapadera yokwana kubweza miyezi ingapo popanda lendi. Mgwirizano ulembe tsiku lolipira, dipoziti ndi zimene ingadulidwire, nthawi ya notisi, amene akonze chiyani, lendi idzaunikidwa liti, ndi ngati munthu angalowetsemo ena.

Achemwali, poti mukugula awiri, maina onse awiri alowe pa chikalata, ndipo mulembe wilo. Funsaninso abanki za inshulansi imene imamaliza ngongole wobwereka akamwalira. Ana awiri mwatchula m'dzina lanuwo asadzalandidwe nyumba ali pa chisoni.

MnyamataWaMasheya:
Funso lina mayi: mukaika zonse m'nyumba, mwadzidzidzi pakagwa matenda mudzatani? Nyumba simungagulitse khonde lokha. Kugulitsa kumatenga miyezi, ndipo wogulitsa mothamanga amagulitsa motchipa. Kwa amene akufuna phindu la nyumba popanda kuthamangitsana ndi mapaipi, m'misika yambiri ya masheya muli makampani otchedwa REIT. Amakhala ndi nyumba zambiri, maofesi, mashopu ndi mosungira katundu, inu mumagula masheya n'kumalandira gawo la lendi. Anayambira ku America mu 1960 pansi pa Pulezidenti Eisenhower, ndipo kumeneko lamulo limati azigawa kwa eni masheya 90 peresenti ya phindu lokhomeredwa msonkho, kapena kuposa. Mutha kuyamba ndi ndalama yochepa n'kugulitsa gawo lokha mukafuna. Nawonso amatsika, monga anachitira a maofesi anthu atayamba kugwirira ntchito kunyumba mu 2020, koma simukhala mutatsamira pa khomo limodzi ndi munthu mmodzi.

MwiniMdadada:
Pepala sungagonemo achimwene. Ntchito ikatha, nyumba yako umalowamo.

AkauntantiWopuma:
Mfundo imeneyo ndi yolemera ndipo masamu anga saiyeza. Ngati mayiwa akuganiza zodzakhalamo okha atapuma ntchito, kuthirapo 21 pachaka kutha kukhala kwanzeru, bola adziwe kuti akugula pokhala pa mawa ndipo malipiro awo angakwanitse. Chimene sindikufuna n'chakuti alowe akuganiza kuti azitsala ndi kangachepe, n'kudzadzidzimuka chaka choyamba.

Mayi, kafunseni abanki funso limodzi: 15 peresenti imeneyo ndi yokhazikika zaka zonse 15, kapena imasintha banki yaikulu ikasintha chiwongoladzanja chake? Kusintha kumeneku kumabwera mwamsanga. Banki yaikulu ya America inachoka pafupi ndi 0 mu March 2022 kufika kupitirira 5 peresenti pakati pa 2023, ndipo mabanki aakulu a maiko ambiri anakwezanso nthawi yomweyo.

MayiWaAwiri:
Ndabweranso. Tinapita kubanki ndi bambo. Chiwongoladzanja si chokhazikika, akuti chimatsata cha banki yaikulu. Tinapemphanso malisiti kwa mwini nyumba, ndipo zaoneka kuti chaka chathachi miyezi iwiri sinalipidwe, akuti anagwirizana kuti munthuyo akonze yekha mapaipi m'malo mwa lendi. Mmisiri amene tinapita naye wapeza kuti denga la kukhitchini likudontha ndipo matabwa ena ndi ofunika kusintha, koma maziko ali bwino. Chikalata loya akufufuza. Bambo nyumbayo akuifunabe, inenso malo ake ndawakonda, ali pafupi ndi sukulu ndi chipatala ndipo anthu a m'deralo amagwira ntchito zosiyanasiyana. Tingatani kuti zitheke popanda kudzimangirira?

AkauntantiWopuma:
Poti chimasintha, yesani nambala yoipa. Chikafika 20 peresenti, pa 600 muzibweza pafupifupi 10.5 pamwezi, kuposa lendi yonse musanachotse kalikonse. Mudzifunse ngati malipiro anu angasenze zimenezo kwa chaka kapena ziwiri.

Zimene mungasinthe ndi ziwiri, mtengo ndi kukula kwa ngongole. Malisiti ndi lipoti la mmisiri ndi zida zanu zonenerera. Mwini nyumba atatsika kufika 1,000, inu n'kulipira za loya ndi msonkho kuchokera mu 600 yanu, mungabwereke pafupifupi 450. Pa 15 peresenti ndi 6.3 pamwezi, pafupifupi 76 pachaka, pansi pang'ono pa 80 uja. Pamenepo nyumba yayamba kudzisenza, ngakhale movutikira, ndipo denga la kukhitchini likufunabe ndalama yake. Ngongole itakhala 300, muzibweza 4.2 pamwezi, ndipo mutha kupuma bwino ngakhale chiwongoladzanja chitakwera. Ngati kufika pamenepo kukufuna kusunga chaka china, nyumba zogulitsa zidzakhalapo. Mufunsenso ngati banki imalola kubweza zoonjezera popanda chilango, chifukwa ndalama iliyonse yoonjezera m'zaka zoyamba imadula chiwongoladzanja chambiri.

MwiniMdadada:
Nenererani mayi, ndipo musaonetse kuti mwaikonda. Mutchule mtengo wanu, mupereke zifukwa, mukhale chete. Ngati pulotiyo ili ndi malo kumbuyo, mufunse kukhonsolo ngati angalole kumangapo kanyumba kena. Khomo lachiwiri pa malo amene mwalipira kale ndi limene lingasinthe masamu a akuluakuluwa.

MmisiriWakale:
Mmisiri wanuyo alembe mtengo wa denga papepala, zipangizo payekha ntchito payekha, mupite nalo ponenerera. Za kanyumba ka kumbuyo, aone kaye pamene pali sepitiki thanki ndi mapaipi ake musanayambe kulota.

AzakhaliAMalamulo:
Mukagwirizana mtengo, dipoziti isapite m'manja mwa dobadoba kapena wogulitsa. Ipite ku akaunti ya loya yosungira ndalama za makasitomala, ndipo mgwirizano unene kuti ibwezedwa yonse ngati kafukufuku wa chikalata apeza vuto kapena banki ikakana ngongole. Nkhani ya miyezi iwiri ija mukaimve kwa wochita lendiyo payekha, mwini nyumba palibe.

MayiWaAwiri:
Ndamva azakhali. Wochita lendiyo tikumana naye Loweruka, ndipo Lolemba tikapereka mtengo wa 1,000 pamodzi ndi pepala la mmisiri. Akakana kutsika pansi pa 1,100 tagwirizana ndi bambo kuti tisiya, tiyambe kuyang'ana puloti. A MwiniMdadada, zikatero ndidzakufunani, mudzandiuze kukula kwa zipinda zimene anthu amazifuna kwambiri.